Ulendo Wogona m'Mahema m'Mbali mwa Nyanja ya Malawi

Kodi mudayamba mwagonapo pamalo pamene mafunde amamveka usiku wonse? Alipo anthu ena amene pa nthawi ya tchuthi amalonga katundu wawo m'galimoto ndi kuyenda masiku angapo motsata nyanja. Iwo safuna nyumba zogona alendo ayi. Dzuwa likapendeka amaima, namanga kanyumba kansalu kotchedwa hema, ndipo kukacha amakapasula ndi kupitiriza ulendo. Makolo athu ankachita chimodzimodzi pa maulendo ataliatali, pakuti ankamanga misasa ya mitengo ndi udzu. Kusiyana kwake n'kwakuti hema limapindidwa ndi kunyamulidwa.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Tiyeni titsagane ndi apaulendo amene akuyambira ku Cape Maclear kumwera, kulinga ku Nkhata Bay kumpoto. Galimoto ingathe kumaliza mtunda umenewu tsiku limodzi, koma wothamanga chotero saona kanthu. Anzathuwa ayenda masiku anayi. Atenga hema, mphasa, mabulangete, tochi, machesi, mapoto, ufa, mchere, chigubu cha madzi akumwa ndi neti yoteteza ku udzudzu. Ndiwo sanatenge zambiri chifukwa chambo, utaka ndi usipa akazigula kwa asodzi.

Ku Cape Maclear kuli mudzi waukulu wa asodzi wotchedwa Chembe. Malowa adasanduka malo osungirako zachilengedwe m'chaka cha 1980 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Pafupi ndi mudziwo pali manda a amishoni amene adafika m'chaka cha 1875. Malungo adawazunza kwambiri, kotero kuti m'chaka cha 1881 otsalawo adasamukira ku Bandawe. Masiku amenewo anthu sankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Ife lero tikudziwa, n'chifukwa chake wapaulendo wanzeru angaiwale mchere koma osati neti.

Ntchito yaikulu pa ulendo wotere ndiyo kusankha pomanga hema, ndipo imachitika kusanade. Gombe lingaoneke ngati lopanda mwini, koma lili ndi eni ake. Asodzi amakocheza mabwato awo pamenepo, amayanikapo maukonde ndi usipa, ndipo amayi amatungapo madzi ndi kutsukapo mbale. Alipo malo okonzedwera anthu ogona m'mahema, kumene munthu amalipira ndalama. Kumene kulibe malo otere, mlendo amayamba wakaonekera kwa mfumu ya mudzi ndi kupempha chilolezo. Kuchita zimenezi si ulemu chabe. Eni dera ndiwo amadziwa pamene pali ng'ona ndiponso njira zimene mvuu zimadzera.

Mvuu imakhala m'madzi usana wonse, koma usiku imatuluka kukadya msipu, ndipo imadzera njira yomweyomweyo. Ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, osapatukira chilichonse chimene chaitsekera njira. Tangoganizani hema la nsalu litamangidwa pa njira imeneyo! Ng'ona nazo zimakonda m'mabango ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja. M'madzi odekha okhala ndi zomera mumakhalanso tinkhono tofalitsa likodzo. Motero malo abwino ndi a mchenga woyera, otalikira bango ndi mathiriro a mitsinje.

Mukayang'anitsitsa pagombe mudzaona mzere wa zinyalala, timitengo ndi zigoba za nkhono. Mzerewo ukusonyeza pamene mafunde adalekezera. Hema limamangidwa kumtunda ndithu kwa mzerewo, pakuti nyanja imene yagona bata madzulo ingathe kulusa pakati pa usiku. Ndiponso madzi a m'nyanja sakhala pamodzimodzi chaka ndi chaka. M'chaka cha 2024 adakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba zina za m'mbali mwa nyanja ku Mangochi.

Mphepo nayo iyenera kuganiziridwa. M'miyezi yozizira, makamaka June ndi July, kumaomba mwera wochokera chakumwera, umene umautsa mafunde aakulu oopedwa ngakhale ndi asodzi odziwa nyanja. Khomo la hema liyenera kufulatira mwera. Likapenya komweko, mphepo imalowa ndi kulifufumitsa mpaka kulizula. Zikhomo sizigwira bwino mumchenga wofewa. Odziwa amamanga chingwe cha hema ku mwala kapena ku chipika, nachikwirira mumchenga. Mthunzi ndi wabwino, koma osamanga pansi pa mvunguti, chifukwa chipatso chake n'cholemera ndipo sichichenjeza pogwa. Ena amawaza phulusa kuzungulira hema kuti linthumbu lisalowe.

Ku Chembe dzuwa limalowera m'madzi, chifukwa gombe lake lidapenya chakumadzulo. Kuyambira tsiku lachiwiri zinthu zimatembenuka: nyanja imakhala kum'mawa, ndipo dzuwa limatulukira m'madzi. Apaulendo amadzera ku Golomoti, kumene amalowa mu msewu wa M5 wopita ku Salima. Kunena zoona, chigawo chimenechi n'chotopetsa, pakuti nyanja imabisika ndipo munthu amangoona milambe, minda ndi fumbi. Mtima umakhalanso pansi akafika ku Senga Bay ndi kumva kulira kwa nkhwazi.

Tsiku lachitatu amawoloka mlatho wa pa Chia, pamene anthu amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu, nafika ku Nkhotakota. Kumeneko kuli mtengo umene anthu amati David Livingstone adakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe za kuleka malonda a akapolo. Kuchokera pa doko limenelo anthu ambirimbiri adawolotsedwa nyanja m'zombo, osadzaonanso kwawo. Usiku, apaulendo atatha kudya nsima ya chambo chowotcha, amaona nyali zambiri zikuthwanima pamadzi. Amenewo ndi asodzi amene akukopa usipa ndi kuwala. Moto wophikira amauzima ndi madzi asanagone. Kungoukwirira ndi mchenga n'kulakwa, chifukwa makala amakhala amoyo pansipo, ndipo m'mawa angatenthe mapazi a ana obwera kudzasamba.

Tsiku lotsiriza msewu umawoloka mtsinje wa Bua, umene nsomba za mpasa zimakwera kukaswana, n'kudutsa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Kupitirira apo mapiri amayandikira nyanja. Akapitirira Bandawe amafika ku Chintheche, kumene mchenga ndi woyera ngati ufa. Nthawi zina patali pamadzi pamaoneka chinthu chonga utsi wakuda. Si moto ayi, koma nkhungu, tizilombo touluka tochuluka zedi, timene anthu a kumeneko amagwira ndi kupanga ndiwo. Pambuyo pake msewu umalowa mumthunzi wa mitengo ya mphira ya ku Vizara ndi kutsikira ku Nkhata Bay, doko la sitima ya Ilala imene idayamba kuyenda panyanjayi m'chaka cha 1951.

Pamenepo msewu umasiya nyanja ndi kukwera mapiri kulinga ku Mzuzu. Asananyamuke, apaulendo amakung'untha mchenga m'mabulangete ndi kuyanika hema padzuwa, chifukwa likapindidwa lili ndi mame limachita chuku.