Kodi chiphaso cha unzika chingathetse ngongole za boma ndi kuteteza malire?

M'chaka cha 2017 bungwe la boma la NRB linalemba m'kaundula Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kupitirira, ndipo linawapatsa ziphaso za unzika. Tinauzidwa kuti chiphasochi chidzathandiza kutseka mipata yobera ndalama za boma, ndiponso kusiyanitsa nzika ndi mlendo. Komabe kuno ku Chiradzulu alipo ambiri amene akukayika mpaka lero. Tiyeni tione pamene kukayikako kuli ndi maziko, ndi pamene kulibe.

Chifukwa chiyani anthu amakayika?

Akuluakulu akukumbukira chitupa cha msonkho cha nthawi ya atsamunda. Akukumbukiranso khadi ya chipani cha MCP imene achinyamata a chipani ankaifunsa polowa mumsika ndi pokwera basi, dziko lisanasankhe zipani zambiri pa riferendamu ya 1993. Munthu amene anabwezedwapo pa chipata cha msika chifukwa cha khadi sitingamudzudzule akamaopa khadi ina. Koma tisiyanitse. Khadi ija inali ya chipani, ndipo ankatigulitsa mokakamiza. Chiphaso cha unzika chinakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndipo ndi cha Mmalawi aliyense posayang'ana chipani, mtundu kapena mpingo.

Kodi kuperewera kwa bajeti n'kutani?

Chaka chilichonse boma limakonza bajeti, ndiko kuti ndondomeko ya ndalama zimene lidzatolere ndi zimene lidzagwiritse ntchito. Zambiri zimachokera ku misonkho imene bungwe la MRA limatolera. Zofunika zikaposa zotolera, boma limakongola ku mabanki a m'dziko muno ndi kunja. Zili ngati banja limene lakolola matumba asanu pamene limadya khumi: limatenga katapila, ndipo chaka chamawa gawo la zokolola limapita ku chiwongoladzanja ana asanadye. Ndalama yolipira chiwongoladzanja ndi yomweyo imene ikanagula mankhwala pa chipatala cha Chiradzulu kapena mabuku a sukulu za ku Namitambo.

Dziko lathu linakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zakunja mu 2006, koma ngongole zinadzakweranso. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo tonse tinaona mmene mitengo inakwerera pa msika wa Mbulumbuzi.

Chiphaso chingathandize potani? Chimathandiza kuchotsa maina a anthu omwalira kapena ongopeka pa mndandanda wa malipiro ndi wa olandira thandizo. Kuyambira 2020, mlimi ankayenera kuonetsa chiphaso pogula feteleza wotsika mtengo wa AIP. Koma kumeneko kunabukanso chinyengo china: mavenda ankagula kapena kubwereka ziphaso kwa alimi osauka. Tikumbukirenso kuti mabiliyoni amene anabedwa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate mu 2013 sanatengedwe ndi anthu osadziwika. Anali anthu a maina ndi maudindo, olipira makampani amene sanagwire ntchito. Choncho okayika akunena zoona pamenepa: chiphaso pachokha sichingatseke dzenje la mu bajeti.

Nanga za malire?

Boma lathu la Chiradzulu silinachite malire ndi dziko lina, koma anzathu a ku Mulanje ndi Phalombe ali pa malire ndi Mozambique, ndipo chipata cha Muloza sichili kutali. Makolo a Alomwe ndi Ayao ambiri a kuno anachokera komweko, ndipo mabanja ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Chiphaso chimasonyeza amene ali nzika, koma sichitseka njira zachidule, ndipo sichiletsa wantchito wa pa chipata kulandira chiphuphu. Mu Okotobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo ya anthu pafupifupi 30 amene akuganiziridwa kuti anachokera ku Ethiopia. Anthuwa analowa m'dziko muno patapita zaka zisanu chiyambire ziphaso. Chitetezo cha malire chimafuna antchito okhulupirika, komanso mafumu ndi mboni zosanama pochitira umboni munthu wofuna kulembetsa. Sichitanthauza kuzunza mlendo.

Tsono tichite chiyani?

1. Aliyense amene wakwanitsa zaka 16 alembetse. Pa zisankho za pa 16 Sepitembala 2025, kulembetsa kuvota kunadalira kaundula wa unzika. Wokana chiphaso amadzimana yekha mawu.

2. Tisapereke chiphaso kwa venda, wokongoza katapila kapena wandale, ngakhale atilonjeze ndalama.

3. Tifunse phungu ndi khansala wathu, kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC, kuti boma lakongola zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Paja safunsa anadya phula.

Mafunso okambirana m'magulu

a) Kodi m'mudzi mwathu alipo okalamba kapena olumala amene alibe chiphaso? Tingawathandize bwanji?

b) N'chiyani chimakakamiza mlimi kugulitsa chiphaso chake?

c) Ndi funso liti lokhudza ngongole za boma limene tidzafunse phungu wathu akadzabwera?