Sukulu zitatsekedwa, magazi a amayi ochira adachepa

Ku Area 14 mu Lilongwe nyumba zambiri n'zamipanda, ndipo kuseri kwa nyumba yaikulu kumakhala kanyumba ka wantchito. Mkazi wa mlonda kapena wa wophika akakhala woyembekezera, sikelo sayendera kuchipatala cholipira komwe amapita abwana. Amakulunga buku lake lakuchipatala m'chitenje n'kukwera minibasi kapena kabaza ulendo wa ku Bwaila, chipatala chimene akuluakulu amachitchulabe kuti Bottom. Zikavuta pochira, amamutumiza ku Ethel Mutharika Maternity Wing ku Kamuzu Central.

Pa 2 April 2020 boma lidalengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi Covid-19, muno mu Lilongwe momwe. Minibasi zidalamulidwa kuchepetsa okwera, mitengo n'kukwera. Mwezi womwewo anamwino ndi madokotala m'zipatala za boma adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Sindiwadzudzula: mzamba sangaime patali ndi mayi amene matenda ayamba, amamugwira thupi mpaka mwana atalira.

Koma chimene sitidachiganizire mokwanira ndi magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana asukulu za sekondale ndi makoleji kuti apereke magazi. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 poopa mliri wa Covid-19, magalimoto a bungweli adasowa kokapeza opereka ambiri pamalo amodzi. Chonsecho kutaya magazi pochira n'chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri m'dziko muno. Chiberekero chikalephera kukhwinyata mwana atabadwa, magazi amangotuluka, ndipo mayi amene adalowa m'chipinda chochilira akuyenda yekha angathe kumwalira m'maola awiri okha. Mankhwala a oxytocin amathandiza, koma magazi akatayika ambiri palibe cholowa m'malo mwa magazi a munthu wina. Mliri usanafike n'komwe, kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira.

Kutseka sukuluko kudabalanso vuto lina. Boma lidapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 adatenga pakati m'miyezi yomwe anali pakhomo. Ambiri mwa iwo matupi anali asanakhwime, ndipo oterewa ndi amene kawirikawiri njira imawachepera n'kufunika opaleshoni ndi magazi. Nthawi yawo yochira idakwana cha kumapeto kwa 2020 ndi kumayambiriro kwa 2021, pamene mliri udabweranso mwamphamvu mpaka Bingu National Stadium kusanduka chipatala.