Kodi Mumadziwa? Lantana ndi Mlendo Wolanda Malo

Kodi mumadziwa kuti lantana, chitsamba chaminga cha maluwa achikasu ndi ofiira chimene chawirira m'mbali mwa misewu ya ku Kitwe ndi Ndola, kwawo n'ku America, ndipo chinadza kuno monga duwa lokometsera mipanda? Mbalame zikadya zipatso zake zimakafesa njere kuthengo, kumene mthunzi wake umapondereza mbande za msuku ndi mombo, pamene masamba ake ali ndi ululu wopha ng'ombe.

Wongochitema adzitopetsa chabe, pakuti chitsa chimaphukanso; wochitentha apsereza tirigu pamodzi ndi namsongole. Koma mvula ikafewetsa nthaka, chizulidwe ndi khasu, mizu yomwe, chisanabale, mbande zathuzo zitakhomeredwa zikhomo kuti wolambula azione.