Laguna 69, nyanja ya m'mapiri a Peru

M'mapiri a Cordillera Blanca ku Peru muli nyanja zing'onozing'ono mazanamazana. Pamene boma linkakhazikitsa malo otetezedwa a Huascarán mu 1975, nyanja zopanda mayina zinangopatsidwa manambala. Yotchuka mwa izo ndi Laguna 69, yomwe ili pamalo okwera mamita pafupifupi 4,600.

Alendo amagona mumzinda wa Huaraz, womwe pawokha uli pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa. Basi imanyamuka kusanache, n'kudutsa ku Yungay, kumene tauni yakale inakwiririka ndi matope, miyala ndi madzi oundana zogumuka paphiri la Huascarán pa chivomezi cha mu 1970. Imatsitsa anthu ku Cebollapampa, pamamita pafupifupi 3,900.

Kuchokera apo ndi makilomita ngati 7 basi, koma munthu amatha maola atatu. Poyamba njira imadutsa m'dambo momwe ng'ombe zimadya msipu, ndipo ambiri amapupuluma, kuyesa masewera. Chitunda chikayamba ndiye amadziwa. Kumtunda kumeneku, mpweya umene munthu amakoka kamodzi umakhala ndi okosijeni wongopitirira pang'ono theka la amene akanakoka kugombe la nyanja yamchere. Mtima umagunda kwambiri, mutu umawawa, ena amachita nseru. Anthu a kumeneko amatafuna masamba a coca kapena kumwa tiyi wake, koma chothandiza kwenikweni n'kukhala kaye masiku awiri kapena atatu ku Huaraz kuti thupi lizolowere. Wofika dzulo kuchokera kumalo otsika, ngakhale akhale katswiri wa mpira, chitunda chomaliza chimamukhazika pamwala.

Nyanjayo imaonekera mwadzidzidzi, madzi ake a buluu wowala, pansi pa phiri la Chacraraju lotalika mamita oposa 6,000. Mtunduwu uli ndi chifukwa chake. Madzi oundana a paphiripo amatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo kulemera kwake kumapera thanthwe ngati mphero. Fumbi losalala la miyalayo limatsika ndi mathithi, ndipo m'malo momira limayandama m'madzi, n'kumabweza kuwala kwa buluu ndi kobiriwira.

Nthawi yabwino yopita ndi kuyambira May mpaka September, mvula itasiya. Ngakhale apo, masana mitambo imasonkhana msanga ndipo mphepo imaluma, choncho operekeza alendo sawalola kukhalitsa. Akadya kamba wawo, amayamba kutsika.