Chinsinsi cha Mchere wa M'ndiwo

Mchere umene umakometsa ndiwo m'makomo monse umachokera ku zinthu ziŵiri zoopsa: sodium, chitsulo chimene chimalusa chikagwera m'madzi, ndi chlorine, mpweya wakupha. Nanga ukali wa zinthuzi umathera kuti?

Yankho lili m'maelekitironi, tinthu timene timazungulira phata la atomu m'mizere. Maatomu ambiri amakhazikika pamene mzere wakunja uli ndi maelekitironi 8. Atomu ya sodium ili ndi elekitironi imodzi yokha kunjako, pamene ya chlorine ili nawo 7. Choncho sodium imapereka imodziyo, n'kutsala ndi mzere wam'kati umene uli wodzaza kale. Chlorine ikailandira, nayo imakwanitsa 8.

Woperekayo amasanduka pozitivi, wolandirayo negativi, motero amakokana n'kugwirana zolimba. Mgwirizano umenewo ndiwo mchere.