Moyo wa m'Tauni pa Nyengo ya Chisanu

Lero tikamba za ku tauni, pakuti ino ndiyo nyengo imene anyamata athu amayamba kuyang'ana ku msewu. Chimanga chalowa m'nkhokwe, mtedza wagulitsidwa, m'thumba muli kandalama, ndipo mnyamata akuti, "Bambo, ndikaoneko ku Blantyre." Kumkaniza nkovuta. Koma kuli bwino kuti inu makolo mudziwe zimene akazipeze kumeneko.

Choyamba kumlonjera ndi mphepo. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Limbe ali pamwamba kuposa pamenepo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumabwera Chiperoni, mphepo imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Imeneyi imadza ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo pakhoza kupita masiku atatu dzuwa osaoneka. Anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje aidziwa bwino, koma mwana wa ku Chikwawa kapena wa ku Salima, wozolowera kufunda nsalu imodzi, amayesa wafika dziko lina. Ku Lilongwe kuzizira kwake nkouma, kong'amba milomo ndi zidendene. Amene apitirira mpaka ku Johannesburg amapeza udzu utayera ndi chisanu m'mawa, ndipo mu Julayi 2023 kumeneko kunagwa ngakhale chipale chofewa.

Kumudzi kukazizira munthu amaotha moto mpaka dzuwa litakwera. Ku tauni sikutero ai. Wanchito amanyamuka ku Ndirande kapena ku Bangwe kusanache, kawirikawiri pa miyendo, ndipo mlonda amachezera usiku wonse pa khonde la sitolo. Chifukwa chake mukaona mwana wanu wabwerako ndi jekete, juzi ndi chipewa chaubweya, musafulumire kunena kuti wayamba matama. Zobvala zimenezi anthu ambiri amagula pa kaunjika, ndizo zobvala zimene anthu a maiko akutali anabvalako kale, ndipo zimafika kuno zomangidwa m'mabelo. Mtengo wa majekete umakwera mphepo ikayamba, pakuti aliyense akuwafuna nthawi imodzi. Wanzeru amagula lake mu Okutobala, ogulitsa atatopa nawo. Muwauzenso ana anu kuti malaya awiri opyapyala amafunditsa bwino, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pao umasunga kutentha kwa thupi. Chobvala cha pa kaunjika chiyambe chachapidwa ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Ine chimene chimandiwawa ndi chakuti thonje timalima tokha ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, koma pa msana pathu pali nsalu za eni ake. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono mverani bwino za mbaula. Nyumba za lendi za m'tauni ndi zazing'ono, zina za chipinda chimodzi, ndipo kukazizira anthu amalowetsa mbaula ya makala, natseka chitseko ndi zenera, nagona. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka tulo tolemera, ndipo ena sadzukanso. Ine amene ndikulankhula nanu ndinadzukapo tsiku lina mutu uli ngati wamenyedwa ndi chibonga, ndipo chinandipulumutsa ndi mpata umene unali pansi pa chitseko. Mbaula itulutsidwe kunja anthu asanagone. Wina akapezeka atakomoka, mtulutseni ku mphepo msanga ndi kuthamangira naye ku chipatala. Inu mafumu a ku Neno ndi ku Mwanza mudziwa kumene makala amenewa achokera, ndipo mudziwanso kuti lamulo la nkhalango la 1997 sililola kuotcha makala popanda chilolezo.

Madzulo anthu a m'tauni amakonda kanema, amene akuluakulu ankati zithunzi zothamanga. Ena amaonera m'nyumba zao, ena pa telefoni, ena m'timisasa ta m'misika mmene mafilimu akunja amawalankhulitsa Chichewa. Kapena simunamve kuti opanga kanema nawonso ali ndi mpikisano wao, monga ife tili ndi chionetsero cha zaulimi. Oweruza amaonera mafilimu a maiko ambiri nasankha opambana. Mu 1916 kunalibe zotere kuno, koma mu 2016 filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inalandira mphotho ku Lagos, m'dziko la Nigeria, monga yopambana kum'mwera kwa Africa, ndipo mu 2018 mphotho yomweyo inapita kwa Shemu Joyah chifukwa cha The Road to Sunrise. Koma imene ndifuna kuti mlimi aliyense aione ndi The Boy Who Harnessed the Wind, imene inalandira mphotho ku Sundance, ku America, mu 2019. Inajambulidwa ku Kasungu, ndipo isimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe ndi njala ya 2001 ndi 2002. Chiwetel Ejiofor, amene anaitsogolera, anaphunzira Chichewa kuti akhale bambo wa mnyamatayo, ngakhale lilime lake linamlemera pang'ono. Pa mapeto pake makina oyendera mphepo akukoka madzi a m'chitsime kuthirira mbeu mvula kulibe. Anthu a maiko akutali anaombera m'manja chinthu chimene ife tingochitcha kuti dimba.

Apa ndipo pali phindu lanu. Pa kalembera wa 2018 mumzinda wa Blantyre munapezeka anthu oposa 800,000, ndipo mu Lilongwe pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri a iwo alibe munda, ndipo masana amawapeza kutali ndi kwao, kotero kuti ayenera kudya zogula. Wa ndalama zochepa amaima pa chiwaya nadya chipisi ndi kabichi, kapena alowa m'lesitanti ya mumsika nagula nsima ya nyemba. Wopezako bwino amatenga mkazi wake kupita ku hotela, kumene nkhuku yachikuda, yonga imene ikupalasa pa bwalo panu, amaifuna kuposa yoweta m'khola la magetsi. Mbale iliyonse ya anthu amenewa ili ndi tomato, anyezi ndi mbatatesi, ndipo zimenezi zichokera ku Tsangano, ku Lizulu, ku Bembeke, ku Bvumbwe ndi ku Jenda.

Nyengo yozizira imene ibvuta wa m'tauni ndi yabwino kwa mbeu zimenezi. Kabichi amakulunga bwino kukazizira, ndipo chiwawu, chimene chimaononga tomato ndi mbatatesi nthawi ya dzinja, chimachepa masamba akamakhala ouma. Nchifukwa chake muthire madzi pa tsinde, osati pamwamba pa masamba. Koma wogula wa m'tauni ali ndi zofuna zake. Wa chiwaya afuna mbatatesi zikuluzikulu zosabvuta kusenda, ndipo amakana zobiriwira, pakuti zimawawa ndipo zili ndi poizoni. Zimabiriwira zikaona dzuwa, choncho muzikwezera dothi. Wa lesitanti afuna munthu wobwera sabata iliyonse, osati wobweretsa madengu khumi lero nasowa miyezi iwiri. Musabzale dimba lonse tsiku limodzi. Bzalani chigawo, papite masabata awiri kapena atatu, mubzale china. Mukapopera mankhwala, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole, pakuti kabichi wa pa chiwaya amadyedwa wosaphika.

Kwa inu mafumu ndipempha ziwiri. Mbuzi ndi ng'ombe zisangotayidwa chifukwa chimanga chakololedwa. Dimba la miyezi itatu likhoza kutha m'mawa umodzi, ndipo mlandu wake udzafika pa bwalo panu pomwe. Ndiponso pogawa malo a m'dambo mukumbukire anyamata osakwatira, ndipo muwauze kuti asalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

Mwana wanu akaumirira ulendo wa ku tauni, mlekeni apite, koma chimanga cha m'nkhokwe asachikhudze. Mpatseni bulangeti, dengu la tomato ndi nkhuku ziwiri, ndipo mumtume kuti akafunse wa chiwaya ndi mai wa lesitanti kumene amagula katundu wao, tsiku lanji, ndi pa mtengo wanji. Akabwerako mudzabwere naye kwa mlangizi wa m'dera lanu, tidzawerengere pamodzi ndi ndalama ya galimoto yomwe. Tsalani bwino.