Ntchito Zosunga Nthaka ndi Madzi Zilikufuna Ana a ku Mangochi

Munthu wotsika phiri kuchokera ku Namwera amaona madzi ochuluka pamaso pake: kumpoto Nyanja ya Malawi, kumwera Malombe, ndi mtsinje wa Shire pakati. Komatu minda ya m'chigwa chomwecho ndiyo imayamba kufota mvula ikangodula masabata awiri m'mwezi wa Januwale. Madzi a m'nyanja sakwera okha kudza kumunda. Amene mlimi wa chimanga ndi fodya angawadalire ndi okhawo ogwa pa munda wake.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mvula ya inchi imodzi ikagwa pa ekala imodzi, pamenepo pagwa malita oposa 100,000, ndiwo migolo ikuluikulu 500. Ngati mizere yalunjika kumtsetse, ambiri a madziwo amathawa tsiku lomwelo, atanyamula dothi lachonde pamodzi ndi fetereza amene munagula modula, nakasiya zigwembe m'mbuyo. Kuwaimitsa madziwo kuti alowe pansi ndi ntchito yofuna ophunzira, ndipo ife tilikuti ophunzirawo achokere m'midzi mwanu momwemo.

Tidziwa kuti akuluakulu ena amanyinyirika akamva za migula. Ali ndi chifukwa. Lamulo la 1946, masiku amene boma lino linkatchedwa Fort Johnston, linakakamiza alimi a m'Nyasaland kukumba migula, ndipo okana ankalipitsidwa, ena kumangidwa, ena kuwazulira mbewu. Dzina lakuti malimidwe linasanduka lowawa, kotero kuti chikakamizo chitatha ambiri anaileka migulayo. Komabe madzi sanaleke kukokolola nthaka. Mlangizi wa lero alibe mesenjala pambuyo pake. Chida chake ndi pakamwa ndi munda wachitsanzo. Nchifukwa chake mwana wodziwa Chiyao, wodziwa kugwada kwa mfumu ndi kulankhula ndi amayi eni minda, angathe kuchita zimene mlendo sangathe.

Nanga mlangizi wa zosamalira nthaka amachita chiyani? Amayeza mtsetse ndi chingwe ndi levulo, nakhoma zikhomo za akalozera, kuti mizere yonse itsate pamenepo. Amaphunzitsa kubzala udzu wa vetiva pa akalozerawo, kumanga ngonyeka pakati pa mizere, kukumba maswale ndi kutseka zigwembe ndi miyala. Amadziwanso za kukolola madzi a padenga: denga lamalata la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, pa chaka cha mvula ya mamilimita 800, limagwetsa malita pafupifupi 40,000. Thanki yosungira madziwo ifuna mmisiri wodziwa kuumba simenti yosadontha, ndipo imeneyonso ndi ntchito yodyetsa banja.

Madzi olowa pansi sataika. Ndiwo amene timadzawapeza m'zitsime ndi m'mijigo m'mwezi wa Okutobala. Kumeneko kuli akatswiri ena. Wina amayeza malo asanaboole, chifukwa mjigo woikidwa mwachisawawa umauma kapena kutulutsa madzi amchere. M'mchenga wa m'mbali mwa nyanja madzi ali pafupi, koma zoipa za m'zimbudzi zimawafikiranso msanga, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 anasautsa kwambiri boma la Mangochi. Motero pafunikanso woyeza ukhondo wa madzi, ndi makaniko wa m'dera wodziwa kumasula pampu ya Afridev ndi kusintha malabala ake. Lamulo la Madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority loyang'anira katengedwe ka madzi m'dziko muno, a pansi pa nthaka omwe.

Maphunziro a ntchito zimenezi amapezeka ku Natural Resources College ndi ku Bunda, zonse ziwiri pansi pa yunivesite ya LUANAR ku Lilongwe, ndiponso ku yunivesite ya Mzuzu kuli maphunziro a za madzi. Chofunika ndi satifiketi yabwino ya Fomu 4, makamaka masamu, sayansi ndi ulimi. Apa ndipo tilikudandaula: mnyamata akangolawa ndalama za usipa amaiwala sukulu, wina maso ali ku Joni, ndipo mtsikana amakwatiwa asanafike ku sekondale. Ntchito izi sizisankha mwamuna kapena mkazi.

Makolo ofuna kumva zambiri akafunse kwa alangizi ku maofesi a zaulimi a Nasenga, Nankumba, Lungwena kapena Katuli. Ndipo chilimwe chino, pamene alangizi adzafika kudzakhoma zikhomo za akalozera, mutumize mwana wanu wa sukulu kuti akagwire chingwe.